Ndowa Imene Inatsala Pang'ono Kundilanda Mkazi

Abale anga, ndisanapite patali ndinene kaye chinthu chimodzi: ine si wamisala. Ndikudziwa kuti munthu akayamba nkhani ndi mawu amenewa, omvera amasunthira mpando kumbuyo pang'ono, koma pirirani nane. Mawu omwewa ndinawakuwapo ndikuthamangitsa mayi wina wachikulire m'munda mwa eni ake, masanasana, ndili chifuwa pamtunda, ndowa ili m'manja. Sanandithandize ngakhale pang'ono.

Ine ndimakhala ku Mitundu. Ntchito yanga ndi ya mafoni: kutchaja, kuika nyimbo m'mamemore, kutsegula foni imene mwini wake waiwala pini (sindifunsa mafunso ambiri, aliyense amati ndi ya mlongo wake). Sukulu ndinalekezera fomu 2, koma Chingerezi ndinadzimalizitsa ndekha pafoni pomwepa, liwu ndi liwu, mpaka pano ndimawerenga buku lathunthu osapuma.

Ndiye tsiku lina mphunzitsi wina anabwera ndi memore kuti ndimuchotsere mavairasi. Ndikuyang'anamo ndinapeza mabuku mbwee, ndipo ndinakopera onse (mavairasi ndinachotsadi, musandiyang'ane choncho). Mabuku ake anali amtundu umodzi. Kumakhala chipatala chakale cha amisala, kutali ndi anthu, wodi imodzi ili yokhoma ndi loko wamkulu. Madokotala a sayansi akuika timakina m'mitu ya odwala. Odwalawo akamwalira, mizimu yawo sipita kulikonse, imatsalira m'mawaya a magetsi n'kumalankhula m'mababu. Eee! Ine zinandigwira ngati ulimbo. Ndinafika poti chaja chikalira kuti ziii pabenchi yanga, ndimayamba ndachiyang'ana kaye bwinobwino ndisanachigwire.

Anzanga apamsika ndinkawafotokozera nkhani zimenezi mpaka makasitomala kuiwala chimene abwerera. Wina anati, "Aise, bwanji osapanga yako ya Chichewa?" Basi, anandiyatsa. Kulemba ndi zala kumandichedwetsa, ine liwiro langa lili pakamwa, ndiye ndinatsegula gulupu pafoni n'kuyamba kutumiza mavoisi, gawo ndi gawo. Chipatala changa ndinachibisa mkatikati mwa Dzalanyama, kumene ngakhale ootcha makala safikako. Wodwala ndinali ine. Dokotala ndinali ine. Mzukwa ine, makina inenso.

Vuto linali malo ojambulira. Pamsika pali phokoso, kunyumba nkhuku zimalowerera pakati pa mzukwa. Koma kuseri kwa mudzi wathu kuli balani yakale ya njerwa, ija ankaumitsiramo fodya, inasiyidwa kalekale. Mukalankhulamo mawu amabwerera ngati muli m'phanga. Ndinapezanso nzeru ina, imene mpaka pano ndimainyadira ngakhale inandipweteka: ukavala ndowa yachitsulo kumutu, foni n'kuilowetsa momwemo, mawu ako amatuluka ngati a makina enieni. Yesani. Kapena ayi, musayese.

Tsopano ndikuuzeni za Lusiya.

Lusiya ndi wa ku Nathenje. Tinadziwana atabwera ku Mitundu kudzagula nyemba zokagulitsa, foni yake itathima pakati pa malonda. Ndinaitchaja ulere, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga ndi umene wakhala pachaja. Mtsikana wofatsa, woseka ndi dzanja pakamwa. Nditamulowetsa pagulupu ija anamvera magawo atatu okha, n'kutuluka. Nditamufunsa anangoti, "Nkhani zako za amisalazo ine sindizifuna." Ndinaseka, ndinati akazi ndi amantha. Ndinkadziona wochenjera kwambiri masiku amenewo.

Kwathu kuno mwamuna sungodzuka n'kukatenga mkazi ngati ukugula bandulo. Malume ako amavala jekete n'kupita kukagogoda kwa malume a mkazi. Malume anga, a Sandalamu, anapitadi kwa a Nkhoma, amene analera Lusiya mayi ake atamwalira. A Nkhoma anayankha monga mwa mwambo: "Tamva. Pitani, tikuitanani." Ndipo msampha uli pamenepo. Pakati pa "tamva" ndi "tikuitanani", akuchikazi amatuma munthu mwakachetechete kudzakufufuza. Amafika ngati wodzagula mbuzi, kaya wosochera njira, n'kumafunsa anthu oyandikana nawe: mnyamata uja amamwa? Amamenya? Dzanja lake ndi lalitali? Kumtundu kwawo kuli zotani?

Lusiya anandichenjeza. "Masabata ano uzikhala ngati munthu," anatero.

Ndinakhaladi ngati munthu, abale. Kusewera pulu ndinasiya. Kutchalitchi ndinkafika belu lisanalire. Munthu aliyense wachilendo wodutsa pabenchi yanga ndinkamupatsa moni wa manja awiri, kugwada pang'ono, mpaka bambo wina wogulitsa mankhwala a makoswe anandifunsa ngati ndikufuna kuimira ukhansala. Tulo sindinkaliona bwino, mtima uli phaphapha, aliyense ndikumuona ngati kazitape. Ndinakonza chilichonse. Koma za balani sizinandibwerere m'mutu n'komwe, chifukwa kwa ine kumene kuja kunali kuntchito.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu pagulupu anali akundilondalonda kuti gawo 14 lili kuti. Ndinatseka benchi, ndinatenga ndowa ya amayi, ulendo kubalani. Mkatimo munali ngati mu uvuni, ndiye ndinavula malaya. M'khosi ndinakoleka zingwe za machaja akufa ndi makiyi, kuti ndikagwedeza zizimveka ngati maunyolo.

Zimene sindinadziwe n'zakuti nthawi yomweyo, pabenchi yanga panali patafika mayi wina wovala chitenje chatsopano, akufunsa mayi wogulitsa zitumbuwa amene ndimayandikana naye. Mayi wazitumbuwayo amandikonda, sanafune kundiipitsa. Anandiuza yekha pambuyo pake zimene ananena: "Mnyamata wabwino kwambiri. Samwa, saba, aulemu. Kungoti masana amakadzitsekera m'balani uko n'kumakuwa yekhayekha. Koma ife tinazolowera."

Ife tinazolowera! Ndipo anawalozera ndi njira yomwe.

Ine ndili mkati, gawo lafika pokoma. Ndagwada pansi, ndikulira ngati wodwala: "Adokotala, chotsani waya m'mutu mwangamu! Akulankhula! Onse amene anafera muno akulankhula m'mano mwanga!" Kenako ndowa kumutu, phi, mawu a makina: "Wodwala nambala seveni, khala chete. Ubongo wako ndi wathu." Kenako kugwedeza zingwe, kenako kuseka kwa mzukwa, kuja kochokera m'mimba. Ndinabwereza katatu chifukwa koyamba ndinatsokomola.

Kachitatuko, ndikuyang'ana pansi kudzera m'munsi mwa ndowa, ndinaona mapazi awiri pakhomo. Nsapato zapulasitiki zobiriwira. Osasuntha.

Ndinakweza ndowa pang'onopang'ono. Mayi aja anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Anangoti, "Yesu wanga!" n'kutembenuka, liwiro.

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuvala malaya. Ine ndinaganiza kuti ndawaopseza mayi wosalakwa, ndiyenera kupepesa. Ndiye ndinawathamangira. Tangoganizani: munda wokonzedwa kale mizere, mayi akudumpha mzere ndi mzere chitenje atakwinyira m'mawondo, pambuyo pawo mnyamata wopanda malaya, thukuta lili kamukamu, mawaya akulendewera m'khosi, ndowa ikulira kwengwere kwengwere, akukuwa kuti, "Mayi, taimani! Ine si wamisala! Taimani ndikufotokozereni za ubongo uja!"

Sanaime. Sindinaonepo munthu wamsinkhu umenewo akuthamanga chotero. Anafika pamsewu, anakwera kabaza osafunsa mtengo. Ine ndinatsala ndi nsapato imodzi yobiriwira imene inavuka pamzere wachisanu. Ndinaitola, ndinaseka pang'ono, ndinabwerera kukamaliza gawo langa. Linatuluka bwino zedi, anthu analiyamikira.

Madzulo ndinatumizira Lusiya moni. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, yankho ayi. Lachitatu chimodzimodzi. Ndinaimba, sanayankhe. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, ndinachotsa simu n'kuipukuta pamalaya, ndinakwera pachulu kufuna netiweki ngakhale inali yodzaza. Chakudya chinayamba kundikanira pakhosi. Lachinayi masana kunalowa voisi ya masekondi makumi atatu, mawu a Lusiya akunong'ona, kumbuyo kukumveka madzi, ndiye kuti anabisala kubafa.

"Iwe. Amene unawathamangitsa Lachiwiri aja ndi mayi anga aang'ono, a NaNkhoma. Anafika kuno ndi nsapato imodzi, mpaka pano phazi latupa. Malume akuti mubwere Loweruka ndi malume ako. Tamvera: chilichonse chimene angakufunse, nkhani zako zija usawaimbire. Wamva? Usayerekeze. Ndipo usandifunse chifukwa, si nkhani yanga yoti ndinene."

Ndinaimvera kasanu ndi kawiri. Ndinayang'ana nsapato ija, inali pansi pa benchi, ndipo ndikulumbira inkandiyang'ananso.

Kukawauza malume anga inali ntchito ina. A Sandalamu ndi munthu wa fodya ndi tchalitchi basi, foni yawo ndi ya mabatani, amaimanga ndi labala. Ndinawapeza kunazale akuthirira. Ndinafotokoza zonse, za mabuku, za gulupu, za mawu a makina. Anaika kheni pansi.

"Mphwanga, ndowayo inali ya ndani?"

"Ya amayi."

"Imene timatungira madzi akumwa?"

"Eya."

Anayang'ana kumwamba. "Ine ndavala jekete kamodzi chifukwa cha iwe, ndikavalanso Loweruka. Kachitatu kulibe. Kumeneko pakamwa pakopo ukatseke. Mkamwini salankhula, amayang'ana pansi. Ndikalankhula ndine."

Ndinavomera. Koma m'thumba ndinaika kasipika kanga kaja kakang'ono, katatchajidwa mpaka kudzaza. Ndinkaganiza chonchi: Lusiya ndi wamantha, malume sadziwa za mafoni, koma mlandu umafuna umboni. Akangomva okha kuti ndi sewero, lokhala ndi mutu ndi magawo, nkhani yatha, tiseka tonse.

Loweruka tinakwera njinga yamoto, ine pakati, malume kumbuyo, fumbi la msewu wa ku Nathenje likulowa mpaka m'makutu. Ndipo apa ndi pamene mabuku aja anandibwezera. M'buku lililonse mumakhala malo amene munthu amaitanidwa mwaulemu, "bwerani tidzangocheza," akafika n'kupeza amuna awiri abisala kuseri kwa chitseko ndi chingwe. Ndipo ukangoti "ndili bwino", amalemba kuti wadwalitsa. Ndinayamba kuyeserera nkhope ya munthu wabwinobwino. Kodi munthu wabwinobwino amaphethira kangati? Ukayamba kuwerenga sungathenso kuphethira bwino. Wakabaza anandiona pagalasi, anafunsa malume ngati ndili ndi khunyu.

Tinafika cha m'ma teni. Pakhomo pa a Nkhoma ndi posesedwa bwino, mabasiketi a tomato ataunjikidwa pambali, poti iwo ndi mlimi wa kudimba. Anatilandira okha, bambo wamtali, wa imvi pang'ono, wolankhula mosathamanga. Anatipatsa mipando pansi pa mtengo wa mango. Ine maso anga anathamangira pakhonde: panali chingwe. Cha mbuzi, inde, ndi mbuziyo inali pomwepo, koma chingwe ndi chingwe. Ndinawerenga njira zothawira. Zinali ziwiri, ina yodutsa m'khola.

A NaNkhoma anakhala pamphasa, phazi atalimanga kansalu, atatalikirana nane ngati mamita asanu. Lusiya anabweretsa thobwa, anagwada, sanandiyang'ane, n'kubwerera kukakhala pakhomo la khitchini.

Moni anatenga nthawi yake. Kenako ndinatulutsa jumbo, ndinagwada, ndinapereka nsapato ija ndi manja awiri. Ndinkaganiza kuti ndi ulemu. A NaNkhoma anaiyang'ana ngati ndawapatsa njoka.

"Mwaona, achimwene? Anaisunga!"

Ndipo anayamba umboni. Mayi aja ali ndi luso, ndikanawadziwa kale ndikanawaika m'nkhani yanga. Anachita mawu onse. Anachita kulira kwanga, anachita mawu a m'ndowa ataphimba pakamwa ndi manja, anachitanso kuseka kuja. "Akuti anthu akufa akumulankhula m'mano! M'mano, achimwene! Ndiye ndikuthawa, akundithamangitsa, akuti bwerani ndikuonetseni ubongo!"

"Ndinati ndikufotokozereni," ndinatero. Malume anandiponda chala.

A Nkhoma sanaseke, sanakwiye. Ananyamula kapu ya thobwa, ndinaona kuti dzanja lawo limanjenjemera pang'ono, anamwa, anaika pansi. Kenako anandiyang'ana ndi maso ofatsa kwambiri, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene kunandiopsa, chifukwa m'mabuku dokotala woipitsitsa ndi amene amafatsa.

"Bambo, musaope. Pano muli pakhomo. Tandiuzani, mukumagona bwino?"

"Masabata ano ayi," ndinayankha, poti chinali chilungamo.

"Kudya?"

"Kukuvuta."

Anagwedeza mutu ngati akulemba penapake. "Mawu amenewa, anayamba liti? Amabwera tsiku lililonse, kapena nthawi zina?"

A Sandalamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ine sindinawadikire. Ndinaona chingwe chija, ndinaona Lusiya akupita, ndinaona ine ndili pabenchi ya mafoni mpaka ukalamba ndekhandekha. Ndinadzuka.

"Malume, pepani, ndilankhuleko. Ine ndili bwinobwino! Ija ndi nkhani, sewero la pafoni, ndimapeka ndekha, anthu amalikonda, ena ali ku Likuni, wina mpaka ku Joni. Umboni ndili nawo, tamverani nokha!"

Kukhitchini ndinamva mbale ikugwa. Lusiya anali ataimirira, akupukusa mutu, maso ali tong'o. A Sandalamu akukoka thalauza langa. Koma ine ndikayamba ndimakhala ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Ndinayatsa kasipika, ndinasankha gawo 3, limene anthu analikonda kuposa onse, n'kukweza mpaka kumapeto.

Mawu anga anadzaza bwalo lonse. Ndi gawo limene chitseko cha wodi chimatseguka koyamba. "Amisala aja anatuluka mmodzimmodzi, dovu lili chuchuchu, manja akunjenjemera, maso ngati a galu wachiwewe. Musawamvere chisoni. Amenewa si anthunso, ndi zigoba chabe. Ngakhale abale awo anawataya, poti ndani angasunge chinthu chotere pakhomo?" Kenako kuseka kwa mzukwa.

Ine ndinaimirira pamenepo ndikumwetulira, kudikira kuti aseke. Ndinkagwedezanso mutu motsatira mawu anga omwe. Palibe anaseka. A NaNkhoma anayang'ana pansi. Lusiya anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

"Zimitsani," anatero a Nkhoma. Sanakweze mawu.

Ndinazimitsa. Kunamveka mbuzi yokha ikutafuna.

"Kuchipatala koteroko munapitako?"

"Ayi, malume. Ndinangowerenga."

"Ine ndinakhalako miyezi isanu."

Abale, mukudziwa foni ikagwera m'madzi, sikirini imayamba yawala kaye kenako n'kuda pang'onopang'ono? Ndi mmene zinandichitikira m'mutu.

"Chaka chimene mayi ake a Lusiya anatisiya," anapitiriza, "mutu wanga unasokonekera. Ndinkayenda mpaka ku Diamphwe wapansi, osadziwa chimene ndikukafuna. Ananditenga, ndinakakhala kumeneko. Mizukwa yanuyo sindinaione. Ndinaona mphunzitsi wa masamu, bedi lake linali pafupi ndi langa, ndi amene anandiphunzitsa kuwerengera phindu la tomato. Tinkasewera bawo ndi timiyala, pansi. Chimene chinkatiopsa ife si waya ayi. Linali tsiku loona odwala. Umasamba m'mawa, kupesa, n'kukhala poyang'ana kugeti. Ena mpaka dzuwa kulowa, osabwera munthu."

Anakweza dzanja lawo, lija lonjenjemera, kuti ndilione bwino.

"Izi mwanena zoona. Ndi mankhwala, ndimamwabe mpaka lero. Dovunso mwanena zoona, linkatuluka. Mlongo wanga mwamuthamangitsayu ndi amene ankandipukuta. Sananditaye."

Ndinafuna kuti nthaka ya ku Nathenje ing'ambike. Ndinapezeka ndagwada, sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji.

"Atabwera mlongo wangayu ndi nkhani yanu Lachiwiri," anatero a Nkhoma, "iye anachita mantha, poti anakumbukira zakale. Ine ndinati ayi, mwanayo akudwala, ndipo mwina kwawo sakudziwa kolowera. Ndinamufunsa Lusiya, sanandiyankhe, anangolira. Ndinati basi, ndi zoona, ndipo Lusiya akumufunabe. Ndiye ndinakuitanani kuti ndikuuzeni kuti matendawa ali ndi mankhwala, ndikuperekezani ndekha, ndipo mkazi tikupatsani. Yankho ndinali nalo kale m'thumba."

Anamwanso thobwa.

"Koma poti mwati muli bwinobwino, ndiyenera kuganizanso."

A Sandalamu anatsika pampando, jekete ndi jekete, anaomba m'manja. Anapepesa mawu ambiri amene sindiwakumbukira onse. Ndimakumbukira akuti, "Mwanayu ndi wathu, koma uchitsiruwu wadzipezera yekha, kumtundu kwathu kulibe." A Nkhoma anawadzutsa. Anati sakukana, komanso sakuvomera. Anati mwezi uliwonse kuli tsiku limene a za matenda a m'mutu amabwera pachipatala chaching'ono, iwo amakatenga mankhwala. Ndizibwera kudzawaperekeza. Ndizikhala nawo pabenchi mpaka aitanidwe, foni ili m'thumba, yothimitsa.

"Mpaka liti, malume?" ndinafunsa, n'kupondedwanso chala.

"Mpaka ndione."

Titatsika ku Mitundu malume anakutumula fumbi pajekete, anandiyang'ana, anati, "Ukanangodwala, mphwanga. Bwenzi pano tikusaka tambala wa chinkhoswe."

Gawo 3 ndinalifufuta tsiku lomwelo. Anthu pagulupu anandinena, wina anati ndagulidwa. Lusiya anakhala sabata yathunthu osandiyankha, kenako anangolemba kuti, "Ndinakuuza." Mawu amodzi okha, koma ndinawajambula n'kuwasunga.

Mwezi woyamba ndinapita mtima uli m'mwamba. Ndinafika pabenchi paja ndikuyang'ana mababu, ndikuyang'ana mawaya, ndikuyang'ana chitseko ngati chili ndi loko kunja. Maola atatu opanda foni! Zala zinkandiyabwa ngati ndagwira chitedze. Poti panalibe choyang'ana, ndinayamba kuyang'ana anthu. Panali mtsikana wa yunifolomu ya sekondale ali ndi bambo ake, akuwerenga notsi. Panali mayi woyamwitsa. Panali bambo wina amene ndinamuzindikira, ndinamuikirapo nyimbo za kwaya m'memore, anandipatsa moni n'kundifunsa ngati ndapeza zatsopano. Anthu ankakambirana za mtengo wa feteleza ndi kuchedwa kwa mvula. A Nkhoma sanandiuze kanthu, sanandiphunzitse kanthu. Pobwerera anangoti, "Mwezi wamawa."

Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. "Mwezi wamawa." Ndinayamba kuonda. Usiku ndi usana funso limodzi: kodi akuona chiyani? Ndikukhala molakwika? Ndikumwetulira mopitirira? Lusiya naye sankadziwa, anati malume ake nkhani yanga saitchula n'komwe, ngati kulibe munthu wotero.

Mwezi wachitatu kunali mvula, tinafika titanyowa, tinapanikizana pabenchi. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire, kabuku kake ka kuchipatala atakakulunga mupulasitiki. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine mwendo ukugwedezeka wokha, zala zikugogoda pabondo, maso kuphethira mosalongosoka.

"Mwanawe," anatero mokoma mtima, "usadandaule, poyamba zimatero. Iwe unayamba liti?"

Pakamwa panga panatseguka, mawu aja anali atafika kale palilime, omwe aja a m'munda. Ndinawameza. Ndinati, "Ndikadali wachilendo, mayi. Inu muli bwanji lero?"

A Nkhoma anali akuyang'ana mvula. Osatembenuka, anati, "Ameneyu sadwala, mayi. Ndi mkamwini wathu. Kungoti pakamwa."

Mkamwini wathu.

Ndinaopa kuti ndikapuma mwamphamvu mawuwo abwerera. Mayi aja anati, "Oo, mwapeza wabwino, woperekeza." A Nkhoma anati, "Tiona," koma ndinaona pakona pa mlomo wawo pakugwedezeka. Ndinafuna kudumpha, ndinafuna kuimbira Lusiya, ndinafuna kuimbira malume kuti jekete ija aichape. Ndinangokhala, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mvula, mayi aja akundisisita pamsana kuti zimatha, mwanawe, zimatha.

Mukufuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu? Ndinaphunzira, kwambiri. Nkhani ija inaima pa gawo 14 ndipo sindikudziwa ngati ndidzaipitirize, chifukwa tsopano wodwala nambala seveni ndikamuganiza amakhala ndi nkhope, amafunsa za feteleza.

Koma ndisakunamizeni. Tili pabenchi pomwepo, mphindi zisanu zisanathe, magetsi anabwera, ndipo kafiriji kosungira mankhwala m'chipinda chapafupi kanayamba kulira. Abale, kulira kwake! Kunayamba pansipansi, huuum, kenako kunjenjemera, kenako kakuti tiki, tiki, ngati chinthu chikupuma mkati. Masekondi khumi okha oti ndijambule akanandikwanira. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangotsetsereka lokha kulowa m'thumba.

A Nkhoma maso anali kumvula.

"Mkamwini," anatero. "Dzanja."

Ndinalitulutsa.